Mkhalapakati pa Ulendo wa kwa Napolo

Fungo la katoni yonyowa limandibwezera ku Chinyonga msanga kuposa minibasi iliyonse. Ndikangolimva, kaya kuseri kwa golosale kaya ku ofesi denga likadontha, ndimapezeka ndakhala pa mkeka pakhonde la kwa anzanga, miyendo itachita dzanzi, kunja chiperoni chikuwaza pang'onopang'ono, chosafuna kukhala mvula yeniyeni, chosafunanso kusiya. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tchuthi chonse dzuwa linatinyanyala. Phiri la Soche linkasowa masiku atatu otsatizana. Zovala zinkakhala pa chingwe mpaka kuyamba kununkha nkhungu, milomo inkang'ambika, ndipo utsi wa mbaula za mzere wonse unkangozungulira pansi, utasakanikirana ndi fungo la mbatata zootcha. Ana tinalibe kolowera. M'nyumba ankatithamangitsa kuti tikusokosa, panja ankatikalipira kuti tidwala chifuwa.

Amene anatipulumutsa anali Yusufu, mnyamata wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, mwana wa a dalaivala a lole amene ankatha milungu ali pa msewu wa ku Beira. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, woonda, wolankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Tsiku lina atatumidwa ku Limbe anapeza buku pakati pa mabuku akale amene amayalidwa m'mbali mwa msewu. Linalibe chikuto, masamba oyambirira anali atathothoka, ndipo Chingerezi chake chinali cholimba ngati nyama ya tambala wokalamba. Komabe Yusufu anatolamo mfundo yaikulu. Anthu angapo amakhala pansi, mmodzi amasimba za dziko longopeka, enawo aliyense amakhala munthu wa m'dzikomo, ndipo chilichonse chimene wafuna kuchita amaponya dayisi kuti aone ngati chatheka. Zimene zinasowa m'bukumo anazipeka yekha, n'kumazinena ndi nkhope yoti palibe angatsutse.

Dziko lakelo analijambula pa katoni ya sopo imene anaitambasula n'kuiyala pa mkeka. Anali Blantyre yemweyu, atangomuveka zovala zina. Mtsinje wa Mudi unasanduka mtsinje wa ululu, msika wa Limbe unali mzinda wa afiti ogulitsa zithunzithunzi za anthu, ndipo pakona pa katoniyo panali phiri lalitali m'mene munkagona Napolo, chinjoka chimene chinameza dzuwa. Ntchito yathu inali yokafika kumeneko n'kukalilanditsa dzuwalo. Dayisi tinaitenga ku ludo, anthu athu anali zitsekero za mabotolo, ndipo aliyense anali ndi pepala long'amba m'kope la kusukulu, lolembedwa dzina, mphamvu ndi katundu wake. Katoniyo inkayamwa chinyezi tsiku lililonse, mitsinje ya bolopeni n'kumasefukira yokha, ndipo tikaweruka amayi ake a Yusufu ankaiimika pafupi ndi mbaula kuti iume.

Osewera tinalipo atatu. Hawa, mlongo wake wa Yusufu, anali msinkhu wanga, wamfupi, wa mtima wapachala, ndipo anasankha kukhala mlenje wa uta ndi mivi. Nando, amene agogo ake anachokera ku Mozambiki kalekale ndipo bambo ake ankakonza mafiriji m'tauni, anafuna kukhala msilikali wa chikwanje chachikulu, wokwera njati. Ine ndinali ndisanatsegule pakamwa pamene Yusufu anandiloza ndi bolopeni. "Iwe Tadala ukhala mkhalapakati. Si bambo ako ndi ankhoswe a Chinyonga yonse?" Anzanga anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Pa pepala langa analembapo kuti ndili ndi lilime lokoma, ndodo yoyendera, ndi thumba la mchere woperekera mphatso. Mchere! Anzanga zikwanje ndi mivi, ine mchere ngati ndikupita kokakazinga mtedza.

Za bambo anga Yusufu sananame. Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, pabalaza pathu pankakhala anthu a nkhope zotupa, mwamuna mpando uwu, mkazi mpando uwo, ine ndili pansi pa windo kunja, makutu ali tcheru. Kachitidwe kawo ndinkakadziwa konse. Sankayamba ndi mlandu. Ankayamba ndi kuzizira, chifuwa cha ana, msewu umene wakumbika, mpaka mapewa a anthuwo atatsika pang'ono. Zikavuta ankawalekanitsa, n'kumayenda okha kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Mayi akanena kuti, "Mukamuuze galu ameneyo asadzapondenso pakhomo panga," bambo ankakafika kwa mwamunayo n'kunena kuti, "Akuti mtima wawo udakali wowawa, muwapatse masiku." Ine ndinaona kuti ntchitoyi ndi yophweka. Umatenga mawu akuda, kuwachapa panjira, n'kukawapereka ali oyera.

Tinkayamba tikangodya masana, mbale zisanaume n'komwe. Khonde la kwa a Yusufu linali ndi chipupa chachifupi chotchinga mphepo, ndipo tikakhala pansi tinkangomva za kunja osaziona: oitanira minibasi akukuwa kumsewu kuti Limbe, Limbe, mayi wogulitsa nthochi akudutsa ndi mawu ake osasa, sitima ikulira chapatali, madontho akugwa m'ndowa imene ankatchera pansi pa malata. Tinkafunda chitenje chimodzi m'miyendo tonse atatu, n'kumakokerana. Kuitana kwa ku mzikiti kukamveka, Yusufu ankatseka buku n'kupita kukaswali, ngakhale chilombo chitatsegula kale kukamwa, ndipo ife tinkatsala tikuyang'anitsitsa zitsekero zathu, aliyense akulondera mnzake kuti asasunthe chake.

Tsono ndinalowa m'masewerawo ndi mtima wonse, ndipo ndi pamene mavuto anga anayambira. Pa mlatho wa mtsinje wa ululu tinapeza chimphona chokana kutidutsitsa. Ndinachipatsa moni mwaulemu, ndinafunsa za ana ake, ndinadandaula nacho za kuzizira. Yusufu, polankhula m'malo mwa chimphonacho ndi mawu a m'mimba, anaulula kuti dzino linkachiwawa. Ndinachilonjeza madzi amchere otsukira m'kamwa, ndinaponya dayisi, inagwa sikisi. Sikisi! Chimphona chinayamba kupatuka. Pomwepo Nando, amene nthawi yonseyi ankayasamula n'kumakanda mkeka, anati, "Ine ndikuchitema chala chakuphazi." Ndinakuwa kuti tagwirizana kale, koma dayisi inali itagubuduzika. Tinamenya nkhondo masana onse, njati ya Nando inathyoka nyanga, ndipo ine ndinathera pansi pa mlatho nditakumbatira thumba langa la mchere.

Zinkatero tsiku ndi tsiku. Ndinayanjanitsa mitundu iwiri ya akadzidzi yolimbirana mtengo umodzi, Hawa n'kulasa mfumu yawo pa mwambo weniweni wa chiyanjano, akuti inamuyang'ana moipa. Ndinanyengerera afiti a mumsika mpaka anatibwezera zithunzithunzi zathu, Nando n'kuwotcha msika wonse potuluka, akuti asadzazolowere. Ndikangoyamba moni wanga, awiriwo ankagona chagada n'kumaimba nyimbo ya maliro. Ankanditcha a Tiyeni-tikambirane. Koma zikathina, mivi itatha, chikwanje chitagwera m'dzenje, onse ankatembenukira kwa ine: "Tadala, tawalankhula." Ndinkapsa mtima mpaka makutu kutentha. Munthu umange nyumba ndi malovu ako, anzako aigwetse, kenaka akufunse kuti tigona kuti?

Ndinakadandaulapo kwa Yusufu kuti akhazikitse lamulo loti mkhalapakati akamalankhula, wina asasolole chida. Anatsegula buku lake, anayendetsa chala m'masamba kwa nthawi yaitali, n'kundiuza kuti tsamba la lamulo limenelo liyenera kuti ndi limodzi mwa othothoka aja. Masamba othothokawo ankangokhala a zinthu zothandiza ine. Malamulo a kutema, kulasa ndi kuwotcha onse analipo, ena mpaka ndi zithunzi zomwe.

Mungafunse kuti bwanji sindinangosiya. Zoona zake n'zakuti ndinalibe kwina. Ndinkavala magalasi okhuthala omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, pa fulaye woyamba kufa ndinkakhala ine, pa phada miyala inkandithawa m'manja, ndipo pogawana matimu ndinkatsala ngati mkute. Pakhonde paja pokha ndi pamene pakamwa panga pankagwira ntchito, anthu atatu n'kukhala chete kudikira chimene ndinene, ngakhale kuti pambuyo pake ankachiphwanya. Ndipo nthawi inali yochepa. Yusufu anali atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kutali, ndipo thiranki yake inali kale pakona m'chipinda. Tonse tinkadziwa kuti akangokwera basi, dziko la pa katoni lathera pomwepo. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kukafika pamaso pa Napolo n'kumulankhula. Ameneyo yekha ndinkakhulupirira kuti chikwanje sichingamuthe, ndipo pamenepo onse adzadziwa ntchito ya mchere. Zoti ndikamuuze ndinali nditakonza kale, ndinkaziyeserera posamba.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti Yusufu anyamuke, tili m'munsi mwenimweni mwa phiri la Napolo, zinthu zinaphulika. Afisi amapiko anatizungulira, Hawa anakoka uta, dayisi inagwa wani. Yusufu anayang'ana m'buku, anakhosomola, n'kulengeza kuti muvi waphonya fisi ndipo walasa njati ya Nando pakhosi. Njatiyo Nando ankaikonda kuposa abale ake. Anali ataipatsa dzina, ndipo ankaidyetsa kaye tisanayambe ulendo uliwonse, ife tikudikira. Anaimirira maso ali psuu, n'kunena kuti Hawa wachitira dala, ndi kuti uta si chinthu chopatsa atsikana. Kenaka anatola pepala la Hawa n'kuling'amba pakati. Hawa sanalire. Anatola chitsekero cha Nando, msilikali amene anayenda naye tchuthi chonse, anapita kumapeto kwa khonde, n'kuchiponya mu ngalande momwe madzi akuda ankathamangira kumunsi. Tonse tinachiona chikutembenuzika kawiri n'kulowa pansi pa kalavati.

Yusufu anapinda katoni yake mwakachetechete. Anati masewera sapitirira mpaka awiriwa atayanjana, chifukwa chipata cha Napolo sichitsegukira anthu odana, ndipo lamulo limeneli ndikukhulupirira kuti analipeka pomwepo. Kenaka anayang'ana ine. "Mkhalapakati ndiwe. Kakonze." Ndinafuna kumukumbutsa kuti ukhalapakati wanga ndi wa pa pepala, kuti kunja kuno kulibe dayisi, koma ndinakumbukira thiranki ija pakona. Ndinapukuta magalasi anga n'kuvomera.

Ndinayamba monga ankayambira bambo. Nando ndinamupeza kuseri kwa nyumba yawo, pakati pa mafiriji akufa amene bambo ake ankasunga, akugogoda chitseko cha imodzi ndi mwala. Ndinayamba ndi kuzizira. Anandiyang'ana ngati ndapenga, poti dzulo lake tinali titazizidwa limodzi m'chitenje chimodzi. Nditafika pa nkhani, anati ndikamuuze Hawa kuti ndi mfiti yopha ziweto za anthu, ndipo alowe yekha mu ngalandemo akatole msilikali uja ndi mano. Mawuwo ndinawachapa panjira ndikudumpha zithaphwi, ndipo ndinakumana ndi Hawa akuchokera ku madarasa, mpango uli kumutu, chikwama chili paphewa. Ndinati Nando akuti mtima wake udakali wowawa. Hawa anati uwawe mpaka uphulike, ndipo ndikamuuze kuti njati yakeyo inali yonunkha kale.

Masiku anayi ndinayenda choncho, nsapato zanga za pulasitiki zikumira m'matope ofiira, kuchoka ku mafiriji kupita ku khonde, kuchoka ku khonde kubwerera ku mafiriji. Ndinachapa mawu mpaka sopo kundithera. Chondipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti onse awiri ankafuna kusewera. Nando ankandifunsa mozemba ngati Yusufu wanenapo za chimene chili kuseri kwa chipata. Hawa anali atasunga zidutswa ziwiri za pepala lake pansi pa pilo. Koma aliyense ankati ayambe ndi mnzakeyo. Ana ouma mitu ngati amenewa sindinawaonenso, ndipo chiyambire ndakumana ndi anthu ambiri ovuta. Kunyumba amayi anandifunsa chimene ndinkayendera mumvula ngati nkhuku yosowa poikira, ine n'kungoti tikusewera.

Tsiku lachisanu ndinapeza amayi ake a Yusufu akusita mayunifomu ake atsopano a ku sekondale, ndipo ndinaona kuti nthawi ikutha. Ndinaganiza kuti ngati kuchapa mawu n'kololedwa, kusoka atsopano sikungakhale tchimo lalikulu. Ndinapita kwa Nando n'kumuuza kuti Hawa maso atupa ndi kulira, akuti pepani, ndipo akumufunira msilikali wina woposa woyamba uja. Nando anakanda m'mutu, n'kunena kuti chabwino, poti wayamba yekha. Ndinathamangira kwa Hawa n'kumuuza kuti Nando sakudya, akuti pepani kwambiri, ndipo akulemba pepala latsopano ndi dzanja lake. Hawa anakweza mphuno, koma ndinaona kumwetulira kukuthawira m'mphepete mwa mpango. Kunena zoona, ndinadzimva kukhala munthu wamkulu. Bambo milandu ina inkawatengera miyezi, ine wanga ndinauswa masana amodzi.

Mabodza awiriwo ankafuna katundu, tsono ndinakangalika. Pepala ndinalilemba ndekha ndi dzanja lamanzere kuti lifanane ndi zolemba za Nando zokhala ngati mapazi a nkhuku, ndinawonjezerapo mivi khumi ya chipepeso, n'kukalipereka kwa Hawa kuti lachokera kwa Nando. Chitsekero ndicho chinandivuta. Za zakumwa zoziziritsa kukhosi zinali mbwee paliponse, koma ndinali nditalonjeza choposa choyamba, ndipo zonse zimene ndinkatola zinali zopindika kapena zadzimbiri. Ndinayenda mpaka ku msewu waukulu, kuseri kwa kanyumba kena kopaka utoto wobiriwira komwe azibambo ankakhala pa mabenchi Loweruka, ndipo pamenepo m'matope ndinachiona: chitsekero chagolide, chosapindika, chonyezimira ngati mendulo. Ndinachitsuka pa mpope, ndinachipukuta ndi diresi, n'kukachipereka kwa Nando kuti chachokera kwa Hawa. Kwathu amalume ankabwera ndi mabotolo otero pa Khirisimasi, ndipo zitsekero zake tinkaseweretsa osaganiza kanthu. Tsiku limenelonso sindinaganize kanthu.

Tinakumananso pakhonde kutatsala masiku awiri. Chiperoni chinali chitakhuthala moti nyumba za kutsidya kwa msewu sizinkaoneka. Amayi ake a Hawa, posangalala kuti phokoso labwerera, anatiikira mbale ya zitumbuwa zotentha, n'kukhala chapafupi pa kampando kawo akupeta mpunga. Yusufu anayala katoni. Awiri aja anakhala moyang'anizana, aliyense ali ndi nkhope ya munthu amene wapepesedwa ndipo wakhululuka mwa ubwino wake. Ine ndinkawerengera kuti tikangoponya dayisi koyamba, zonse zikwiririka. Ndiye Nando, mwana woleredwa bwino pa nthawi yolakwika, anatulutsa chitsekero chija m'thumba, anachiika pakati pa katoni n'kunena kuti, "Zikomo Hawa, n'chabwino kuposa chija."

Hawa anachiyang'ana, kenaka anayang'ana Nando. Yusufu anachitola ndi nsonga za zala, anawerenga zolembedwa pamwamba pake, nkhope n'kusintha. Lichero linasiya kulira. "Chimenecho n'cha mowa," anatero amayi awo, mawu ali pansipansi. "Hawa, iwe wachitenga kuti chinthu chimenechi?" M'nyumba imeneyo mowa sunkatchulidwa n'komwe, ndipo mwana wamkazi kupezeka kumene zimagwa zitsekero zotero inali nkhani yodikira bambo abwere kuulendo. Hawa analumbira, misozi ili m'maso koyamba tchuthi chonse, kuti sanachionepo, sanapondeko kumaloko, ndipo iye sanapatse Nando kanthu kalikonse. Apepese chifukwa chiyani, poti wopepesa ndi Nando, umboni wake ndi pepala ili? Nando analanda pepalalo, analiyang'ana mowongoka ndi mozondoka, n'kunena kuti zolemba zake n'zoipa, inde, koma osati kufika pamenepa. Kenaka mitu inayi inatembenukira kwa ine pang'onopang'ono, ine ndili ndi chitumbuwa m'kamwa.

Ndinaulula zonse, poti kothawira kunalibe, ndipo ndinapepesa maso ali pa mkeka. "Ababa akanamva, ukanandiphetsa iwe," anatero Hawa akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Amayi ake anatola chitsekerocho pochigwira ndi kapepala, anakachitaya kudzala, anabwera ndi kansalu konyowa n'kupukuta pa katoni pamene chinakhala, dera lonse la m'munsi mwa phiri n'kufufutika. Ine sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anangoyang'ana awiri aja n'kunena kuti, "Inunso, nyumba zoyandikana, kumatumizirana mawu ngati wina ali ku Joni? Kandimverere anakanena za m'maluwa." Atatero anabwerera ku mpunga wawo.

Ndinkayembekezera kuti Yusufu apindanso katoni. M'malo mwake anayang'ana mlongo wake ndi Nando, amene tsopano anali atakhala mbali imodzi ya mkeka, mapewa atagundana, onse akundiloza, wina akuyamba chiganizo mnzake n'kumalizira. Anati, "Ndikuona kuti mwagwirizana. Chipata chatseguka." Nando anatola kamwala kuti kakhale msilikali wake. Hawa ndiye anayamba. Anati mlenje wake akumanga mkhalapakati ndi chingwe cha uta. Nando anati msilikali wake akumunyamula kupita naye kuphompho. Ndinapempha kuti ndilankhule, poti kulankhula ndiyo inali mphamvu yanga yokhayo, ndipo Yusufu, ndi chilungamo chake chotopetsa chija, anandipatsa dayisi. Ndinaiuzira mpweya, ndinaigwedeza m'manja awiri, ndinaiponya. Inagwa thuu. Anandiponya kuphompho pamodzi ndi ndodo yanga, koma thumba la mchere analisunga, akuti lingathandize kutsogolo. Atatero anawombana m'manja, Hawa ndi Nando, anthu amene sabata yonse sankatchulana maina.

Ndinanyamuka osatsanzika, chitsekero changa chili m'manja, magalasi atachita nkhungu kunja ndi mkati. Mawa lake sindinapite, ndipo palibe anabwera kudzanditenga. Ndinakhala kuseri kwa nyumba yathu ndikusenda nandolo, ndipo popeza ku Chinyonga munthu akakhosomola nyumba zitatu zimamva, ndinamva zonse. Ndinamva Yusufu akubangula ngati Napolo, ndinamva dayisi ikugunda simenti, ndinamva Hawa akukuwa kuti, "Mtemenso! Mtemenso!" Chakumadzulo kunamveka chimkuwe cha chipambano. Anamupha Napolo osamufunsa n'komwe chifukwa chimene anamezera dzuwa. Ine ndinali nditakonza moni wapadera ndi mafunso asanu ndi awiri, ndipo ndinawanong'oneza kwa nandolo. Tsiku lotsatira Yusufu anakwera basi, katoni ija amayi ake n'kuyatsira mbaula.

Ndinakhala wokwiya mpaka sukulu kutsegulira, ndipo mlandu wanga unali womveka bwino m'mutu mwanga. Ndinawayendera mumvula sabata yathunthu, ndinawabwezera masewera awo, iwo n'kundithokoza ndi phompho. Hawa ndi Nando sanayambanenso. Mpaka lero ndi mabwenzi. Hawa ali ndi shopu ya nsalu ku Limbe, ndipo firiji ya kunyumba kwake ikafa amaitana Nando. Tikakumana pa maukwati amaikamba nkhaniyi akuseka mpaka kugwirana, ndipo m'kakambidwe kawo anayanjana okha. Ine ndimangotulukamo ngati uja wa chitsekero cha mowa.

Panopa, nditakhalapo nkhoswe kangapo pa mabanja a abale anga, ndimaona zimene mwana wa magalasi uja sankaona. Sindinaname chifukwa chowakonda awiriwo. Ndinanama chifukwa ndinkaopa kutaya malo anga pa mkeka, ndipo ndinatsala pang'ono kumuika Hawa m'mavuto amene sanawapalamule. Ndimaonanso kuti onse awiri anali atatopa kale ndi mkwiyo wawo, ankangosowa poutula osataya ulemu, ndipo ine ndinafika nditatchera msana. Mwina ntchitoyo ndinaigwiradi, kungoti si mwa njira imene ndinkaganizira. Zonsezi ndimazivomereza. Komabe amene anang'amba pepala sanapepese, amene anataya msilikali sanapepese, wopepesa ndinali ine ndekha, kawiri m'malo mwawo, kachitatu m'malo mwanga. Pepani wanga ine ndikumudikirabe, ndipo palibe amene anadziperekapo kuti akandipekere.